Kodi "but" anakulakwilani ciani?

Kacithunzi kaja kafikanso pa gulu lathu la WhatsApp mlungu uno, ndipo aka n'kacitatu caka cino. Pamwamba pali zilembo zofiila zotiuza kuti tileke kukamba "but". Munsi mwake muli mndandanda wa mau amene akuti tiziika m'malo mwake: "however", "nevertheless", "although", "yet", "whereas", "despite", "except", na ena otelo. Anthu aikapo tumitima, wina walemba kuti "zikomo aticha", ndipo ife tidziwa kale cimene cidzatsatilapo. Mawa wina adzakhala pansi kulemba kalata yofunsila nchito, adzazula "but" aliyense n'kubyalapo "whereas", ndipo adzaituma mtima uli m'malo, poganiza kuti Cizungu cake tsopano cafikapo.

Ife tikana. Mau amenewa ni apacibale, inde, koma amalume si atate. Mukamawasinthanitsa monga malaya a pa salaula, mudzakamba cimene simunafune kukamba, ndipo coipa kwambili, mudzasaina cimene simunamvetse.

Tidziwa kumene matendawa anacokela, pakuti nafenso tinadwalapo. Aliyense amene analemba Cizungu ca Giledi 12 akumbukila gawo la "rewrites" mu Paper 2. Akupatsa ciganizo A, akuuza kuti ulembe ciganizo B ca tanthauzo limodzimodzi, ndipo akuyambila na liu limodzi: "Although", "Despite", "Unless". Tinaloweza njila zake monga mmene tinalowezela times table, cifukwa popanda credit ya Cizungu zitseko zambili za makoleji na mayunivesiti sizitseguka. Aphunzitsi sitiwaimba mlandu. Munthu amene ali na kalasi yodzala mpaka kukhomo, mayeso ali pafupi, amaphunzitsa cimene cidzapulumutsa ana pa tsikulo. Koma cimene cinatsala m'mitu mwathu titatuluka pa geti ni cakuti mau onsewa ni munthu mmodzi wovala mosiyanasiyana: "but" ayenda na mapatapata, "however" wamanga tayi, "nevertheless" wavala suti ya pa ukwati. Tinaiwala kuti ngakhale mu rewrite sitinali kungocotsa liu n'kuikapo lina. Tinali kugwetsa ciganizo conse n'kucimanganso. Mauwa akanakhala ofanana, sembe funsolo linalibe mamaki.

Yesani zimenezi m'Cinyanja muone ngati pali amene angakuloleni. Tili na "koma", tili na "komabe", tili na "ngakhale kuti" amene m'tauni timati "olo kuti", tili na "pamene", "kupatulapo", na "pokhapo ngati". Amayi a pa Soweto Market sanaphunzile mau awa pa bolodi, koma sawasokoneza ngakhale tsiku limodzi. Akakuuzani kuti "sinikupatsani tomato ya nkhongole pokhapo ngati mwabweza ya dzulo", mumamva bwino lomwe kuti khomo ni limodzi cabe, ndipo kiyi yake ni ndalama ya dzulo ija. Akati "onse alipila kupatulapo imwe", simufunsa ngati mwina atanthauza "komabe". Ngakhale "manje" wathu wa mu Lusaka ali na nchito yakeyake. Munthu akati "nenze kufuna kubwela, manje ninalibe ya basi", ameneyo ni "koma" wopepesa, woonetsa kuti mlandu si wake. Ndipo "koma iwe!" satsutsa ciliconse, ni kudabwa cabe. Ngati m'cinenelo cathu timamva kusiyana kwakung'ono conco popanda buku, n'cifukwa ciani tivomela kuti Cizungu cinasunga mau khumi kuti agwile nchito imodzi?

Tiyambe na "but" mwini wake, amene akumupitikitsa. Nchito yake ni kutembenuza nkhani, ndipo cimene cabwela pambuyo pake n'cimene cimapambana. Amene akamba kuti "the room is cheap but far" sadzalowa m'cipindaco. Amene akamba kuti "the room is far but cheap" wayamba kale kumanga katundu. Mau ni amodzimodzi, mfundo ziwili n'zimodzimodzi, koma cigamulo casintha. Izi tonse tizidziwa. Mtsikana akayamba na "ndiwe munthu wabwino", mnyamata saseka, amangoyembekeza "koma" amene ali m'njila.

"Although" amagwila mosiyana. Iye amatenga mfundo imodzi, amavomela kuti n'zoona, kenako amaikhazika pansi kuti inzake iimilile. Apa ni pamene kalata ya nchito imapulumukila kapena kufela. Ganizilani mnyamata amene wayendetsa kantemba ka amake zaka zitatu. Ndiye anali kuoda katundu ku Kamwala, ndiye anali kusunga buku la nkhongole, ndiye anali kudziwa kuti sopo uti suyenda. Akalemba kuti "I ran a family shop for three years, but I have no formal experience", wadzicotsa yekha pa mzele, cifukwa cotsala m'mutu mwa wowelenga ni cimene alibe. Akalemba kuti "Although I have no formal experience, I ran a family shop for three years", wowelenga amatsala na zaka zitatu zija. Onani bwino: "although" sanapambane cifukwa ni wamtali kapena womveka wa ku yunivesiti. Wapambana cifukwa waika kulemela pamene mnyamatayo afuna. Akanatembenuza cabe mfundo zake n'kulemba "I have no formal experience, but I ran a family shop for three years", "but" wa mapatapata uja akanagwila nchito imeneyi bwino lomwe. Ici ndiye cimene wacicepele wofuna nchito afunika kudziwa, ndipo kacithunzi kaja sikacichula n'komwe.

Pali colakwa cina cimene ambili a ife tinadulidwilapo mamaki osauzidwa cifukwa cake: kuika "although" na "but" m'ciganizo cimodzi. M'Cinyanja, "ngakhale kuti anadwala, koma anabwela" imamveka bwino ndipo palibe angakudzudzule. Cizungu ca m'mayeso na m'maofesi cimafuna liu limodzi cabe mwa awiliwa. Ise tinali kungoona mzele wofiila. Wina akanatiuza kuti "izi mwabwela nazo kucokela ku Cinyanja, kumene n'zololeka, koma kuno sankhani limodzi", sembe tinaleka tsiku lomwelo, komanso osadziona ngati mbuli. Nayenso "despite of" amene timamuona m'makalata ambili ni mwana wobadwa posakaniza "despite" na "in spite of". Ndipo awiliwa si alumikizi n'komwe. Amafuna dzina kutsogolo kwawo, "despite the rain", osati "despite it rained". Koma pa kacithunzi aima mzele umodzi na "but" ngati kuti ungacotse uyu n'kukhomelapo uyo.

Tifike kwa "however", mwana wokondedwa wa aliyense amene afuna kumveka wophunzila. Coyamba, iye si mlumikizi. Sangamange ziganizo ziwili na comma yokha monga amacitila "but". "I applied, however I was not called" ni colakwa, ndipo ni colakwa cimene munthu amacita ndendende cifukwa anamvela malangizo akuti acotse "but". Pafunika full stop kapena semicolon kumbuyo kwake. Caciwili, ali na nchito ina imene ilibe cocita na "but": "however hard you try" atanthauza "kaya uyese bwanji". Cacitatu, ndipo ici n'cimene timamva m'mimba, "however" ni liu lozizila. Onse amene tinafunsilapo nchito timamudziwa. Ndime yoyamba ikuyamikila kuti unalemba, yaciwili iyamba na "However", ndipo sufunikanso kuwelenga mpaka pansi. Ni liu la munthu amene afuna kukana ataima patali. M'lipoti ali pamalo ake. Mu meseji yopepesa mnzako amene unamukhumudwitsa, amakupangitsa kumveka ngati ofesi.

Nanga lamulo lija lakuti ciganizo sicingayambe na "But"? Tsegulani Baibo ya King James ya 1611, imene machechi ambili akali kuwelenga, muwelenge mavesi oyamba na "But" mpaka mutatopa. Coseketsa n'cakuti ku America, William Strunk, m'kabuku kake ka The Elements of Style ka 1918, analangiza zosiyana kwambili: anati "however" wotanthauza kutsutsa asamabwele koyambilila kwa ciganizo. Bwana wina aletsa "But" kutsogolo, bwana wina aletsa "However" kutsogolo. Onse awili anali kukamba zimene amakonda, ndipo ife tinazilandila monga malamulo khumi.

Enawo tiwapite mwamsanga. "Yet" amanyamula kudabwa, ndipo nthawi zambili kumakhala kudabwa kodzudzula. "He has a degree, yet he sells talk time" si nkhani cabe, muli kupukusa mutu, ndipo mnzathu wa pa booth ali na ufulu wokwiya akamva. "Nevertheless" ni munthu amene akuti "namva zonse, n'zoona, koma nicitabe". "Whereas" amaimika zinthu ziwili pambali na pambali kuti uziyelekezele, monga "pamene" wathu: "Mansa gets heavy rain, whereas Livingstone is drier." Safuna kukhumudwa kapena kutembenuka kwa nkhani, afuna zinthu ziwili zosiyana. Conco "I applied whereas I was not called" siitanthauza ciliconse. Ndipo mukamupeza atalembedwa na zilembo zikuluzikulu pamwamba pa cikalata ca lendi kapena ca kugula malo, kumeneko satsutsa kanthu, atanthauza "popeza kuti".

Zonsezi mwina mungati ni za mamaki na ulemu cabe. Koma pali mau awili pa nkhaniyi amene amadya ndalama: "except" na "unless". Awa satsutsa. Amapatula. Amajambula mzele n'kunena amene ali mkati na amene ali kunja. Ndipo apa pali cinsinsi ca "but" cimene omupitikitsa sacidziwa. M'Cizungu cakale, zaka zoposa 1,000 zapitazo, liu limeneli linali "butan", ndipo linali kutanthauza "kunja kwa". Nchito imeneyo akali nayo. "All but one" ni onse kupatulapo mmodzi. "Nothing but trouble" ni mavuto okhaokha. "The work is all but finished" ni kuti nchito yatsala pang'ono kutha. Ikani "however" pa malo atatu amenewa muone cimene cituluka.

Mmodzi wa ife anagwilako nchito pa kampani ina ku Industrial Area. Pa pepala limene anasaina panali mzele wakuti "Overtime will not be paid unless approved in writing by the supervisor". Anauwelenga, ndipo Cizungu cake si coipa. Koma m'mutu mwake "unless" anali "but" wina cabe, wofewa, wonena kuti "nthawi zina salipila, koma abwana akavomela amalipila". Abwana anali kuvomeladi. Pa Cisanu paliponse anali kumugwila paphewa n'kumuuza kuti "mwana wanga, mawa ubwele utithandizeko". Anabwela pa Ciwelu paliponse kwa miyezi iwili. Pamene anafunsa ndalama zake ku ofesi, anamuonetsa mzele uja na cala. Palibe anamunamiza. Pepala linakamba zoona zokhazokha, ndipo iye anasaina. Tinakhala naye pansi madzulo amenewo n'kuika mzelewo m'Cinyanja: "ovataimu siidzalipilidwa pokhapo ngati abwana avomeleza mwa kulemba". Anakhala cete, kenako anati akanaumva conco pa tsiku loyamba, sembe anapempha kapepala Cisanu ciliconse. "Pokhapo ngati" anamuuza m'kamphindi cimene "unless" analephela kumuuza m'miyezi iwili, cifukwa "pokhapo ngati" anamuphunzila kwa amake ali na tanthauzo, pamene "unless" anamuphunzila pa mndandanda.

Mapepala a nkhongole, a lendi, a inshuwalansi na a nchito ni odzala na mau amenewa, ndipo sanaikidwemo kuti akometse. Mukaona "notwithstanding clause 4", dziwani kuti ndime imene mukuwelengayo ipambana clause 4, kaya clause 4 inakulonjezani zabwino zotani. Mukaona "subject to clause 4", zatembenuka: cimene akulonjezani apa cidzacitika malinga ngati clause 4 ilola. Pa mindandanda ina ya mtundu umenewu "notwithstanding" amamuika monga "but" wa suti yodula kopambana. Amene analemba cikalataco sanamuone conco. Analipila loya kuti amuike pamalo pake ndendende. Apa ndiye pamene mkwiyo wathu wagona. Amene amalemba mapepala amaphunzila zimene mau awa amacita. Ise amene timasaina timapatsidwa mndandanda wotiphunzitsa kumveka bwino.

Si makampani okha. Cizungu ndiye cinenelo ca boma m'dziko lino, ndipo maufulu athu analembedwa m'cinenelo cimeneci. Tsegulani Constitution pa Part III. Article 20, wa ufulu wokamba maganizo, liu lake loyamba ni "Except". Article 21, wa ufulu wosonkhana, nayenso ayamba cimodzimodzi. Munsi mwake muli ndime zolola kuti pakhale malamulo ocepetsa maufulu amenewa pa zifukwa monga citetezo ca dziko na bata. Kenako pabwelanso "except" wina wobweza mphamvu kwa munthu wamba: lamulo lotelo siliima ngati zaonetsedwa kuti n'losayenela m'dziko la demokalase. Kupatula mkati mwa kupatula. Pakati pa zaka za m'ma 1990, pa mlandu wa Christine Mulundika na anzake 7, Supreme Court inagwetsa mbali ya Public Order Act imene inali kufuna kuti anthu atenge cilolezo ca polisi asanasonkhane, itaona kuti zimenezo n'zosayenela m'dziko la demokalase. Wacicepele amene anaphunzitsidwa kuti "except" ni "but" wovala bwino angawelenge ndime zimenezi katatu osaona pamene ufulu wake uthela na pamene uyambilanso.

Tidziwa zimene ena adzayankha, cifukwa atiyankha kale. Akuti kubweleza "but" kasanu m'ndime imodzi kumatopetsa, akuti oconga mayeso amakonda kuona mau osiyanasiyana, akutinso pa interview anthu amakuweluza na mmene umvekela. Cacitatuci n'coona, ndipo n'cowawa. Mu Lusaka muno munthu angakucepetse cifukwa ca Cizungu cako asanaone zimene manja ako adziwa. Sitikuuza aliyense kuti asaphunzile mau awa. Tikuti awaphunzile onse, athunthu, na mano awo, osati cikopa cokha. Koma za "but" kasanu, vuto silili pa liu. Ndime imene ili na "but" asanu ni ndime imene maganizo ake akhota kasanu, monga minibasi yothawa loadibuloko m'tunjila twa mu komboni. Sinthani onse asanu akhale "however", "nevertheless", "yet", "nonetheless" na "whereas", wokwela adzafikabe ali na cizungulile, ndipo tsopano sadzadziwanso kumene mwamutsitsa. Mankhwala ake ni kukhala pansi n'kusankha kuti mfundo yanu yeniyeni ni iti, n'kutaya makona atatu. Ndipo woconga mayeso amene adziwa nchito yake sapeleka maki pa "whereas" woikidwa polakwika cifukwa cakuti ni wamtali.

Ena akuti, "Nanga si mumamva ndithu zimene munthu afuna kukamba?" Pa foni, inde. Pa foni ungafunse kuti "utanthauza ciani?", ungamve mau akutsika kapena kukwela. Pepala silifunsidwa. Kalata yako imafika pa tebulo ili yokha, pakati pa makalata ena ambilimbili, ndipo cikalata cimene unasaina cimakamba cimodzimodzi caka camawa, pamene abwana aja okugwila paphewa anasamutsidwa kale.

Cimene ife tayamba kucita n'capafupi, ndipo sicifuna bundle. Tikakumana na liu lotele pa pepala lofunika, timaika ciganizo conse m'Cinyanja mokweza mau, monga tikuuza ambuya. Ngati cituluka "koma", tiyang'ana cimene cili pambuyo pake. Ngati cituluka "ngakhale kuti", tifunsa kuti ni mfundo iti imene aikhazika pansi, ndipo n'cifukwa ciani. Ngati cituluka "kupatulapo" kapena "pokhapo ngati", timaika bopeni pansi coyamba, n'kufunsa kuti ife tili mkati mwa mzele kapena kunja. Polemba timacita cimodzimodzi cobwelela: tiyamba tadziwa liu la Cinyanja limene tifuna, ndiye tifunafuna la Cizungu. Amene anatiuza kusukulu kuti tileke kuganiza m'Cinyanja polemba Cizungu anatilanda cida cimene cikanatithandiza kwambili pa nkhani iyi.

Pa gulu paja tinayankha na ciganizo cimodzi cokhala na mpata pakati: "Everyone passed ... Mabvuto." Tinapempha amene anatuma kacithunzi kuti ayese mau ake onse pa mpatapo, limodzi limodzi. "However" anakana kulowa. "Although", "yet", "whereas" na "nevertheless" anakananso. "Despite" analowa, koma anasintha nkhani: onse anapambana ngakhale kuti Mabvuto anali kuwasokoneza m'kalasi, ndipo sitidziwa ngati iye mwini anapambana. Amene ananena zoona zakuti Mabvuto yekha ndiye anafeluka anali awili cabe, "except" na "but" uja amene akuti timusiye. Meseji yathu ili na tumatiki tuwili twa buluu kucokela pa Citatu, ndipo aticha akalibe kuyankha.